Masiku awiri pa Chipata: kanyumba ka alendo kokongola, hotela, loji, kapena kwa abale?

Anthu ambiri mzinda wa Chipata amangoudutsa. Wochokera ku Lusaka kupita ku Lilongwe amaima kuthira mafuta n'kupitirira ulendo wa ku Mwami, pa malire a Zambia ndi Malawi. Wokaona nyama ku Mfuwe amagula madzi akumwa ndi buledi n'kukhotera msewu wake. Koma alipo ena obwera dala: bambo ndi mayi ofuna kupumako ku phokoso la Lusaka, anzathu a ku Mchinji ndi ku Lilongwe odzagula katundu, mwana wa kuno amene anakhazikika ku Kitwe ndipo wabwera ndi banja kudzaona kwawo. Onsewa akamalowa mumzinda dzuwa litapendeka, mutu umakhala pa chinthu chimodzi: kogona.

Chipata anakwezedwa kuchoka pa tauni kukhala mzinda mu Febuluwale 2017, ndipo woyenda m'misewu yake akuona yekha mmene zikwangwani za malo ogona zachulukira. Pakati pa malowa pali mtundu wina umene ukukopa maso pa Facebook ndi pa WhatsApp: tinyumba ta alendo ta zipinda zochepa, tokongoletsedwa mosamala, timene eni ake amakonda kulembapo boutique pa chikwangwani. Ine tinyumba timeneti ndimatikonda, ndipo munthu wodzapuma masiku awiri kapena atatu ndimamulozera komweko. Komatu si ulendo uliwonse umene timauyenera, ndipo si konse kooneka bwino pa chithunzi kumene munthu angagone tulo tabwino.

Kanyumba kokongola, ndi zimene muyenera kufunsa

Nthawi zambiri kanyumba kotere kanali nyumba ya banja, m'madera abata ngati Kalongwezi kapena Moth, kapena m'mbali mwa mapiri amene azungulira mzindawu. Mwini wake anaikonza n'kuigawa zipinda zowerengeka, chilichonse ndi maonekedwe akeake. Muno makatani ndi mapilo a chitenje, umo malichero ndi nsengwa zopachika pakhoma, bedi la mlombwa, panja kapinga wothirira ndi mipando pansi pa mtengo wa mango. Zimenezi zimakondweretsa mtima, ndipo musachite manyazi kuzifuna. Munthu amene chaka chonse amalawirira ku ntchito nayenso ndi woyenera kugonako malo okoma m'maso.

Koma ndalama yowonjezera imene mumalipira pa malo otere sikuti ndi ya makatani ayi. Mukugula bata, komanso kudziwidwa ngati munthu. Amene anakulandirani madzulo ndi yemweyo adzakufunseni m'mawa ngati mwadzuka bwino, ndipo amakumbukira kuti amayi samwa tiyi wamkaka. Mukanena m'mawa kuti madzulo mukufuna nsima ya nkhuku ya kumudzi ndi nkhwani wotendera, wophika amapita kumsika kukaigula nkhukuyo, n'kuiphika modekha mpaka ifewe. Mukafunsa wa takisi wodalirika, amakuitanirani amene iwo eni amakwera. Hotela yaikulu singachite zimenezi mofanana ngakhale itafuna, chifukwa alendo ndi ambiri ndipo antchito amasinthana.

Kufooka kwake kuli pa kuchepa komweko. Pampu ya madzi ndi imodzi, wophika ndi mmodzi, ndipo pampuyo ikafa Loweruka madzulo palibe ina yolowa m'malo. Choposa zonse, malo otere amayenda bwino mwini wake akakhala pafupi. Ngati mwini amakhala kutali n'kumangoimba foni kufunsa kuti zalowa zingati, pakapita nthawi mpope wa m'bafa umayamba kudontha, matawulo amatuwa, babu lakufa limatha mwezi lili pomwepo, pamene zithunzi za pa intaneti zikadali zija anajambula tsiku lotsegulira. Ndiye poimba foni yambani ndi funso ili: kodi eni ake amakhala pomwepo, kapena alipo woyang'anira amene amagona pamalopo?

Kenako magetsi. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, madzi atatsika ku damu la Kariba kumene amapangira magetsi, pamene malaiti ankazima mbali yaikulu ya tsiku m'dziko lonse. Chichokereni nthawi imeneyo, pafupifupi mwini malo aliyense mukamufunsa za magetsi amayankha kuti "sola tili nayo". Yankho limenelo lisakukhutitseni. Sola yoyatsa mababu ndi kutchaja foni ndi ina. Sola yokhoza kuyendetsa fani usiku wonse, firiji, pampu ndi giza ndi inanso, ndipo mtengo wake ndi wosiyana kutalitali, n'chifukwa chake ambiri amaika yoyambayo. Funsani mosazungulira: malaiti akapita, n'chiyani chimagwirabe ntchito m'chipinda changa? Ngati ali ndi jenereta, amaizimitsa nthawi yanji, nanga ili pafupi ndi zenera la chipinda chiti? Mu Okutobala, kutentha kukafika pachimake mvula isanagwe, chipinda chopanda fani yoyenda simungagonemo ngakhale chikongole bwanji. Mu Juni ndi Julayi zimatembenuka. Chipata ali pamtunda, m'mawa kumazizira mpaka zala kuuma, ndiye chofunsa ndi madzi otentha osamba ndi bulangeti lachiwiri.

Madzi nawo ali ndi nkhani yake. Nyumba za m'mbali mwa phiri ndi zimene zimaonetsa mzinda wonse uli pansi panu, makamaka madzulo magetsi akayaka, koma kumtundako n'kumenenso madzi a m'mipope amafika mofooka. Malo odalirika amakhala ndi chitsime chawochawo chobowola ndi makina, ndi thanki yaikulu pamwamba. Funsaninso za kamsewu komaliza kokafika pageti. M'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, msewu wafumbi wokwera phiri umakumbika ndi madzi, galimoto yaing'ono imagunda pansi, ndipo wa njinga amakutsitsirani m'munsi kuti mumalize wapansi ndi chikwama chanu.

Za neti ya udzudzu ndinene motsindika, chifukwa apa kukongoletsa kumaika moyo pangozi. Ena amachotsa neti poti imaipitsa maonekedwe a chipinda. Ena amapachika kansalu koyera kolendewera bwino kamene sikafika n'komwe pa matiresi. Kuno malungo alipo, ndipo nyengo ya mvula amachuluka. Ngati muli ndi ana kapena mayi woyembekezera, chipinda chopanda neti yeniyeni, yopanda zibowo, yopisira pansi pa matiresi, musachilole.

Pali chinanso chimene alendo ambiri sachiganizira, ndicho kapinga uja. Kapinga wokongola amalowetsa ndalama Loweruka: maukwati, ma kitchen party, maphwando a tsiku lobadwa, ojambulitsa zithunzi. Eni malo sindiwadzudzula, paja bizinesi ya zipinda zochepa ndi yovuta kuiyendetsa ndi ogona okhaokha. Koma inu amene mwayenda makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka kudzafuna bata, mukapeza zimasipika zikugunda pansi pa zenera lanu mpaka usiku, ulendo wonse wapita m'madzi. Funsani ngati pali phwando pa masiku anuwo, ndipo ngati lilipo, litha nthawi yanji.

Malo amene ayankha mafunso onsewa mosazengereza, osakwiya kuti mukufunsa zambiri, amenewo ndi oyenera ndalama yanu. Alipo ndithu, ndipo amene anawapeza sachedwa kubwereranso.

Hotela yaikulu

Ngati mwabwera pa ntchito, muyeso ndi wina. Hotela ngati Protea Hotel by Marriott, imene ili m'mbali mwa Great East Road, ndi zina zazikulu za mumzinda, ubwino wake ndi woti mumadziwiratu chimene mukapeze. Mufike pakati pa usiku basi itachedwa m'njira, mupeza munthu wokulandirani. Khadi la banki amalandira, risiti imatuluka yolembedwa bwino ndi TPIN (nambala ya olipira msonkho) moti ku ofesi kwanu sangaikane, chipinda cha msonkhano chilipo, poimika galimoto pali mlonda. Kwa agogo amene miyendo imawavuta, kapena mayi woyenda yekha amene afike usiku, zimenezi ndi zazikulu kuposa malichero apakhoma.

Chimene chimasowa ndi kumva kuti muli ku Chipata. Zipinda zimafanana, chakudya cham'mawa ndi chomwecho mukanadya ku Ndola kapena ku Livingstone, ndipo sabata imene kuli misonkhano ya mabungwe mumaima pamzere wa chakudya ndi anthu odzachita za ntchito. Wodzapuma ndi mnzake wapamtima amakhala ngati wasochera pakati pawo.

Poyerekeza mitengo samalani chinthu chimodzi. Pa bilu ya malo ogona pamatha kukhala msonkho wa VAT wa 16 peresenti, msonkho wa zokopa alendo wa 1.5 peresenti, ndi 10 peresenti ya ogwira ntchito. Ena amatchula mtengo wophatikiza kale zonsezi, ena amaziwonjezera tsiku lotuluka. Funsani mbali zonse ziwiri, ku hotela ndi ku kanyumba, kuti ndalama yonse yotuluka m'thumba ndi zingati, ndipo ngati chakudya cham'mawa chili momwemo. Mukatero m'pamene mungadziwe chodula chenicheni.

Maloji otsika mtengo

Maloji a cha ku Kapata ndi pafupi ndi pokwerera mabasi sindiwanyoza. Mabasi a ku Lusaka amanyamuka m'bandakucha, ndipo ngati mukungofuna pogoneka mutu maola ochepa, kulipirira kapinga amene simumuona n'komwe ndi kutaya ndalama. Alipo aukhondo, osesedwa bwino, oyendetsedwa ndi anthu aulemu. Chachikulu ndi kuona chipinda musanalipire: yesani loko, tsegulani mpope, vundukulani bedi, ndipo yang'anani ngati kuseri kuli bala. Loji ya bala masana imakhala zii, ndiye ofika masana ndi amene amapusitsika. Koma kutenga akazi anu kuti mukakumbukire tsiku la ukwati wanu n'kukawagoneka kumeneko, chonde musatero.

Kubwereka nyumba yonse

Banja la ana atatu ndi agogo likafuna zipinda ziwiri kapena zitatu pa kanyumba kokongola, mtengo umakwera msanga. Apa m'pamene nyumba yonse yokhala ndi mipando, mabedi ndi ziwiya zophikira imapambana, makamaka ngati mukhala sabata yathunthu. Mumakagula nokha ku Saturday Market kapena kumsika wa Kapata mpunga wa ku Chama, nsinjiro, kapenta, tomato ndi masamba, ana amadya zimene anazolowera, ndipo palibe wowaletsa kuthamanga.

Koma dzifunseni moona mtima kuti aphike ndani. Kawirikawiri wophika ndi wotsuka mbale amakhala mayi yemwe uja amaphika kunyumba, ndiye aliyense wapuma kupatula iyeyo. Ngati cholinga cha ulendo ndi choti amayi apumeko, njira imeneyi yalephera isanayambe, pokhapokha abambo ndi ana akuluakulu agawane ntchito. Mvanani kale za mayuniti a magetsi ndi gasi kuti agula ndani, ndipo dziwani kuti kiyi akasowa usiku palibe wogogodera. Kumbali ya chitetezo, malo ogona alendo m'Zambia amayenera kukhala ndi chiphaso cha Zambia Tourism Agency malinga ndi lamulo la zokopa alendo la 2015. Nyumba zambiri zotsatsidwa pa foni ndi za anthu wamba, ndiye ngati zinthu zitavuta kodandaula kumachepa.

Nanga kwa abale?

Iyi ndiye nkhani imene imavuta mumtima. Ambiri obwera ku Chipata ali ndi m'bale kuno, ndipo tinakula tikudziwa kuti kufika kumene kuli amalume ako n'kukagona ku loji ndi chipongwe. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, choncho mulandireni ndi manja awiri. Mawuwa ndi oona, ndipo pali maulendo amene palibe n'choyerekeza chomwe. Pa maliro mumagona pa siwa pamodzi ndi anzanu. Ngati mwabwera kudzazonda agogo odwala, malo anu ndi pambali pawo.

Ulendo wodzapuma ndi wina, ndipo tiyeni tionenso mbali ya wolandirayo. Nyumba zambiri za ku Mchini, ku Nabvutika kapena ku Kapata ndi za zipinda ziwiri kapena zitatu. Mukafika inu ndi akazi anu, ana a m'nyumbamo amasamukira pabalaza, nkhuku imene amasungira Khirisimasi imaphedwa, mayuniti a mwezi wonse amatha msanga, alamu anu amadzuka kukadali mdima kuteleka madzi osamba. Sadzakuuzani zimenezi. Adzamwetulira n'kunena kuti "khalaniko masiku ena", mwina n'kukakongola kwa anansi inu mutachoka. Palinso manyazi a mwambo wathu. Mkamwini pa nyumba ya apongozi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, amangoyenda chozemba, ngakhale kuseka amaseka mopimira. Mtengwa naye kwa apongozi ake sangagone mpaka dzuwa kukwera, m'mamawa ali kale ndi tsache m'manja. Ameneyo tinganene kuti wapuma?

Njira imene ndimaona kuti imasunga ulemu ndi mpumulo pamodzi ndi iyi: gonani ku nyumba ya alendo, koma tsiku limodzi lathunthu liperekeni kwa abale. Musabise kuti mwabwera. Chipata si Lusaka, wina adzakuonani pa Shoprite ndipo nkhani idzafika kwa amalume inu musanafikeko, ndiye pamenepo chipongwe chimakhala chenicheni. Imbani foni musananyamuke: "Amalume, tikubwera Lachisanu. Loweruka lonse tidzaswera kwanu, nsima tidzadyera komweko. Kogona takonza kale kuti tisasowetse ana pogona." Pitani ndi shuga, mafuta ophikira, sopo, thumba la ufa, ndi chitenje cha amayi a pakhomopo. Khalani pansi, mvani za kumudzi, ana asewere ndi asuweni awo mpaka madzulo. Achikulire ena adzadandaula ndithu, ndipo ngati mukuona kuti ziwapweteka mtima kwambiri, gonaniko usiku umodzi. Tulo ta usiku umodzi n'tochepa poyerekeza ndi ubale.

Dera ndi nyengo

Kumene nyumbayo ili kumasintha ulendo wonse. Zosangalatsa za Chipata zambiri ndi zoyenda wapansi kapena panjinga: kukwera phiri la Kanjala m'mawa dzuwa lisanawawe, kusankha zitenje ku Down Shops, kuzungulira m'misika, kudutsa pa mzikiti waukulu ndi pa bwalo lakale la gofu. Ngati simunabwere ndi galimoto, kanyumba ka kutali kuphiri kadzakudyerani ndalama zambiri za takisi. Njinga zonyamula anthu ndi njinga zamoto masana zili mbwee, koma usiku kubwerera nazo kumalo akutali si nzeru. Malo a kunja kwa mzinda, cha ku msewu wa Mfuwe, amayenera amene ali ndi galimoto ndipo akupitirira ku malo osungirako nyama zakutchire a South Luangwa, mtunda wa makilomita pafupifupi 130.

Masabata awiri pa chaka amasokoneza zonse ndanenazi. Loweruka lomaliza la Febuluwale Angoni amasonkhana ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Mpezeni. Loweruka lomaliza la Ogasiti Achewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amapita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo poti malo ogona a ku Katete sangakwanire khamu lonselo, ambiri amadzagona ku Chipata. Pa nthawi zimenezi tinyumba tating'ono ndi timene timayamba kudzaza, chifukwa gulu limodzi la alendo likhoza kutenga zipinda zonse. Mitengo imakwera, ndipo ngakhale loji imene masiku ena mukanaidutsa imasanduka ya mtengo wapatali. Ngati mukubwerera mwambo, sungitsani malo miyezi isanakwane, ndipo kwa abale musakuchotse m'maganizo. Ngati mukubwerera bata, pewani masabata amenewa. Epulo ndi Meyi ndi miyezi yabwino: mvula yatha, mapiri akadali obiriwira, misewu yayamba kuuma, ndipo kutentha kulibe.

Kusungitsa malo

Tinyumba tambiri timasungitsidwa pa WhatsApp, ndalama n'kutumizidwa pa Airtel Money kapena MTN. Njirayi ndi yachangu, koma ndi yomwenso akuba amagwiritsa ntchito: amatenga zithunzi za nyumba ya wina, amaika nambala yawo, mukatumiza ndalama foni imazima. Musanatumize kanthu, pemphani kuti akuimbireni pa vidiyo ali pamalopo, akuonetseni chipinda chenichenicho chimene mudzagonemo, atsegule mpope wa m'bafa, akweze foni muone neti. Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu mumzinda, mutumeni akafike pageti. Onetsetsani dzina limene likutuluka potumiza ndalama ngati likugwirizana ndi la malowo kapena la munthu amene mwalankhula naye. Anzathu ochokera ku Malawi, funsani bwino kuti mtengo akutchulawo ndi wa kwacha ya Zambia, ndiponso ngati amalandira khadi, kuti mudziwe ndalama zosintha musanafike.

Lipirani za usiku umodzi wokha poyamba, zotsalazo mukafika ndi kuona ndi maso anu. Ndipo auzeni akulembereni uthenga wotchula dzina kapena nambala ya chipinda, masiku anu, mtengo wonse, ndi ndalama imene mwapereka kale. Pa sabata ya Nc'wala kapena ya Kulamba, uthenga umenewo ndi umene mudzaonetse ngati wina wafika patsogolo panu ndi ndalama zambiri n'kufuna chipinda chomwecho.